Manja a Taalai

Yekaterinburg, 9 Okutobala 2004

Okondedwa Jenge Anipa, mkazi wa achimwene anga,

Landirani moni wochokera kutali. Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi achimwene anga Sagyn ndi ana onse atatu. Kwa Apa, amayi athu, mundiperekere moni, muwauze kuti mwana wawo ali moyo, akudya, ndipo chifuwa chija chinatha. Mbatatesi munakumba kale? Nanga udzu wa nkhosa ukwanira chisanu chino?

Jenge, sindizungulira. Lamulungu ndinakumana ndi mkazi wa Orozbek, wangofika kumene kuchokera kumudzi. Tikumwa tiyi anangoti, “Pepa ndi za mlongo wako Taalai.” Ine ndimayesa wamwalira. Kenaka ndi pamene anandiuza kuti munakamusiya kunyumba ya boma ya kuchigwa, kumene amasunga anthu a mutu ngati wake, ndipo miyezi iwiri yatha.

Miyezi iwiri, Jenge, ine osadziwa? Taalai ndinamubereka kumsana ine pamene Apa ankapita kumunda. Lero ali ndi ndevu ndipo ndi wamtali kuposa achimwene, koma mukudziwa kuti m'mutimo ndi mwana wa zaka zisanu. Kumeneko akumupatsa chakudya ndani? Akudziwa kuti buledi amadya atamunyikira mu tiyi?

Sindikukuimbani mlandu, ndikungofuna kumva kuchokera pakamwa panu. Ndamugulira nsapato za chisanu, zazikulu bwino, ndapatsira dalaivala wa basi pamodzi ndi kandalama pang'ono ka mankhwala a Apa. Mundiyankhe msanga.

Mlamu wanu,
Zuura

*

Ak-Kiya, 14 Novembala 2004

Mlamu wanga Zuura,

Kalata yako yafika, nsapato nazo zafika. Ana ali bwino, mbatatesi tinakumba, udzu ndi wochepa. Apa akupereka moni ali chigonere. Izi mkazi wa Orozbek sanakuuze? Anagwa mu Julaye akutsikira mosungira mbatatesi, anathyoka chiuno, ndipo sadzayendanso. Ndimawatembenuza ine, ndimawasambitsa ine. Anatiletsa kukulembera, ati ungade nkhawa.

Ukuti sukundiimba mlandu, koma kalata yako ndaiwerenga katatu. Tamvera tsono. Chikwerereni basi iwe zaka zitatu zapitazo, Taalai sanasiye kuthawira kumsewu waukulu kukakudikira. Apa anayamba kumumanga mwendo ndi chingwe chachitali pamtengo wa maapozi uja, kuti ntchito igwirike. Atagwa, chingwecho chinatsala m'manja mwanga. Tsiku lina anachimasula ine ndili kokama ng'ombe. Anamupeza ndi dalaivala wa lole kupitirira mlatho, mapazi ali magazi okhaokha. Achimwene ako pomulowetsa m'nyumba anamugwira manja onse awiri, iye n'kuyamba kuphiriphitha, ndipo Nurila wathu wamng'ono anagwera pa chitofu. Chipsera chili pamphumi mpaka pano. Sabata yomweyo achimwene ako anabwereka galimoto n'kukamusiya kunyumba ya boma ija. Ine sanandifunse, koma sindinama, akanandifunsa sindikanakana.

Ndinapita kukamuona kamodzi. Ukangolowa pakhomo fungo la mkodzo limakulandira. Chipinda chake chili ndi mabedi ambirimbiri, mawindo ali ndi zitsulo. Ndinamupeza atagona chagada, manja onse atamangidwa kuzitsulo za bedi ndi nsalu zong'amba. Malovu ali chuchuchu, maso ali theka. Mayi wina wosamalira odwala anati Taalai ankamenya chitseko mpaka zala kutupa, ndiye amamubaya jakisoni n'kumumanga kuti asadzivulaze. Anati, “Tilipo awiri, amuna ndi makumi asanu ndi limodzi. Inuyo mukanatani?” Ndinamunyikira buledi mu tiyi, anadya, koma sanandizindikire.

Nsapato ndazisunga m'bokosi. Munthu womangidwa pabedi nsapato azitani?

Kwa Apa ndinanena kuti wanenepa ndipo akusewera ndi anzake. Nawenso ukamalemba uzinena zomwezo.

Jenge wako,
Anipa

*

Yekaterinburg, 2 Disembala 2004

Jenge,

Moni kwa nonse. Apa muwapsompsonere dzanja m'malo mwanga. Kalata yanu ndinaiwerengera pamakina, msoko unakhota, abwana n'kundikalipira pamaso pa anzanga.

Mundikhululukire ngati ndinakulasani. Katundu amene mwasenza ndamuona tsopano. Koma Jenge, manja ayi. China chilichonse, koma manja ayi. Ali wamng'ono anyamata a kutsidya anamugwira manja n'kumumiza mutu mu ngalande, ati akumusambitsa. Chiyambire pamenepo, munthu akangomugwira pamkono mutu wake umachoka. Achimwene akudziwa zimenezi, anangoiwala. Mukapitanso mukawauze anthuwo kuti asanakwiye amayamba kung'ung'udza ngati njuchi n'kumagwedeza thupi. Pamenepo osamugwira, kungomupatsa chonyamula. Mukawauzenso za nkhuku. Moyo wake wonse watolera mazira osaswa ndi limodzi lomwe.

Mukufunsa mumtima kuti bwanji osabwera wekha. Pasipoti yanga ili kwa abwana, anaitenga chaka chatha kuti akonze mapepala, ndipo ndikafunsa amati mawa. Timasoka pansi pa nyumba, m'chipinda chopanda windo, timagonanso momwemo kuseri kwa nsalu. Kunja ndimatuluka Lamulungu lokha, maso ali kwa apolisi. Anzanga amaseka kuti tikadzabwerera kwathu tidzakhala oyera ngati mphukira za mbatatesi. Ndiye musaganize kuti ndikudya nyama kuno.

Akuti ntchito ya majekete ikatha andibwezera. Ikangofika m'manja mwanga ndikwera basi.

Wanu,
Zuura

*

Ak-Kiya, 20 Januwale 2005

Mlongo wanga,

Moni. Tili moyo. Chipale chatseka msewu wa pamwamba pa phiri, mabasi akuzungulira kutali. Kuyambira Okutobala sitinamve mawu ako. Ngati wakwiya, kwiya, koma Apa akufunsa tsiku ndi tsiku. Nkhosa zitatu zafa. Ngati uli ndi kangachepe tumiza, tigule udzu.

Sindine munthu wolemba makalata, koma pali nkhani. Kunyumba ya boma kuja kwabwera dokotala watsopano, mzimayi, dzina lake Kalicha. Anatumiza uthenga kuti ndipite. Ndikafika akundiuza kuti iye walamula kuti odwala asamamangidwe, jakisoni achepe, ndipo masana chitseko chizikhala chotsekula. Kenaka mafunso: Taalai amakonda chiyani, amaopa chiyani, amaseka ndi chiyani. Ine ndingadziwe bwanji? Ndimakhala kubusa. Pomaliza akuti tidzamutenge masiku atatu pa chikondwerero cha Nooruz.

Ine si mwana. Munthu wa boma akayamba kukoma pakamwa pali chimene akufuna. Sabata yotsatira ndinamutengera nkhosa yonenepa. Anaiyang'ana, n'kundiuza kuti ndibwerere nayo. Ndinachita manyazi pamaso pa alonda. Ndiye ndazindikira kuti sakufuna nkhosa, akufuna kutibwezera katundu wathu. Ayamba ndi masiku atatu, kenaka adzati malo atha.

Iwe unaphunzira kuposa ine. Mulembere mzimayiyu kalata yaulemu, umuuze kuti kuno kuli wodwala kale ndi ana aang'ono. Ndipo munthu wothawathawa ngati ameneyu kumusiya osamanga, akadzagundidwa ndi galimoto adzayankha ndani?

Mchimwene wako,
Sagyn

*

Yekaterinburg, 18 Febuluwale 2005

Baike Sagyn, achimwene anga, ndi Jenge,

Moni wachimwemwe. Sindinakwiye, ndinalemba mu Disembala, kalatayo iyenera kuti yagona panjira. Kandalama ka udzu ndapatsira mwana wa Orozbek.

Baike, mwandiuza nkhani yabwino ngati mukulengeza maliro. Ammasula! Ndinalira mpaka anzanga anasiya makina. Ngati dokotala akuti abwere kunyumba, ndiye kuti waona kuti ali bwino. Kalata yokana ine sindilemba. Jenge, mukamutenge, ndipo ngati zingatheke asabwererenso kumeneko. Mumuyalire pafupi ndi Apa, mumusiyire nkhuku, muona kuti savuta. Ine ndikubwera ndithu chipale chikasungunuka, tidzathandizana.

Ndakugulirani mpango wobiriwira, Jenge, muvale pa Nooruz.

Zuura

*

Ak-Kiya, 27 Malichi 2005

Mlamu,

Moni. Ana ali bwino, Apa chimodzimodzi. Makalata ako awiri anafika tsiku limodzi. Ya Disembala inandiliza. Ya Febuluwale ndinafuna kuiponya m'chitofu. “Mumuyalire, mumusiyire.” Kulamula uli kutali n'kokoma. Mpango ndi wokongola, zikomo.

Nonse awiri simunamumve mayi dokotalayu. Sakutibwezera katundu monga akunenera achimwene ako, ndipo Taalai sanachire monga ukuganizira iwe. Palibe chochira. Ndinapita ndekha ndi kalata yako ya Disembala m'thumba. Dokotala Kalicha ndi mayi wowonda, wotopa, amasuta ngati mwamuna. Anaiwerenga ataimirira, n'kuitana osamalira odwala kuti amve za manja ndi za kung'ung'udza. Anandiuza kuti sakudziwa ngati zimene wayambazi zitheka, koma anapeza anthu oti miyendo inauma chifukwa chogona omangidwa, ndipo sangathe kumangodutsa.

Taalai ndinamupeza kuseri, kukhola la nkhuku za panyumbapo. Anali atamupatsa kale ntchito yonyamula madeya. Waonda, m'mikono muli zipsera zozungulira ngati zibangili, koma anandizindikira. Anati, “Jenge, dzira,” n'kundiika m'manja lofunda. Nsapato zako zinamukwana.

Si zonse zili bwino. Anamenyapo mlonda wina pamphuno. Anatulukaponso mpaka pokwerera basi. Mayi uja amene anandifunsa kuti mukanatani ndi amene anamutsatira. Akuti sanamukoke, anakhala naye pabenchi mpaka basi inabwera n'kudutsa, kenaka anabwerera okha. Koma mayiyo anandinong'oneza kuti miyendo yake yatha, malipiro ndi omwe aja, ndipo anzake akungodikira kuti dokotalayu achoke.

Tinamutengadi pa Nooruz. Analowa, anakagona mutu pachifuwa cha Apa, onse akulira. Atatuluka anapita pamtengo wa maapozi, anakhala pansi, n'kunditambasulira mwendo. Ndinamuuza kuti chingwe kulibe, adzuke. Sanadzuke. Anakhala pomwepo mwendo uli chitambasulire mpaka dzuwa kupendeka.

Tsiku lachiwiri kunabwera alendo, nyumba inadzaza, wailesi ikulira. Ndinamumva akuyamba kung'ung'udza, koma m'manja mwanga munali mbale ya nyama yotentha. Ndisanaitule, achimwene ako anali atamugwira kale mikono kuti amutulutse. Zotsatira ungaziganize. Makapu anasweka, Nurila anabisala pansi pa bedi la Apa, alendo anabalalika. Achimwene ako anamutsekera m'khola la nkhosa, m'mawa mwake n'kumubweza tsiku lisanakwane.

Dokotala sanatikalipire. Anangofunsa kuti zisanachitike panali chiyani, n'kunena kuti ulendo wina adzabwere tsiku lopanda alendo. Achimwene ako anati ulendo wina kulibe.

Chipale chasungunuka, mlamu. Uli kuti?

Anipa

*

Yekaterinburg, 30 Epulo 2005

Jenge wanga,

Moni kwa Apa, kwa ana, kwa achimwene ngakhale mtima wanga uli nawo ndi mawu. Ndinalankhula ngati chitsiru m'kalata ija, mundikhululukire.

Sindibwera. Apolisi anabwera pamalo pathu, abwana anathawa ndi mapasipoti athu onse. Apolisiwo anatisunga masiku angapo n'kutitulutsa. Tsopano ndikusoka kwa munthu wina, m'chipinda chinanso chapansi, malipiro a miyezi itatu anapita ndi mphepo. Kuofesi ya dziko lathu akuti pepala lobwererera kwathu lilipo, koma mzere wake ndi wautali, ndipo ndikatuluka nalo mwina sadzandilolanso kulowa kuno. Ndikabwera chimanjamanja, mankhwala a Apa agula ndani? Ndikakhala, Taalai akudikira basi. Ndimaganiza mpaka mutu kuwawa, osapeza khomo.

Mundiuze zonse, ngakhale zowawa. Musandibisirenso.

Zuura

*

Ak-Kiya, 19 Juni 2005

Mlamu wanga Zuura,

Moni. Pepa ndi zimene zakugwera. Apa sindinawauze. Ana atsekera sukulu, achimwene ako akukonzeka kukwera kumapiri ndi nkhosa. Wati ndisakubisire, ndiye imva.

Mwezi watha bambo wina wachikulire wa m'chipinda cha Taalai anatuluka masana chitseko chili chotsekula. Osamalira odwala anali otanganidwa ndi wina amene anakomoka. Anamupeza mawa lake mu ngalande yaikulu, madzi a m'mapiri atasefukira. Anamuika m'manda kwawo.

Kunabwera akuluakulu a kuboma, ndipo anaitana abale onse. Tinakhala m'chipinda chodyera. Dokotala Kalicha anakhala pambali ngati woimbidwa mlandu, nkhope ili mbuu. Sanadziteteze kwambiri. Anati imfayo ili pamutu pake, anapempha antchito ena kuyambira Januwale koma sanamupatse, komabe sangalamule kuti anthu amangidwenso. Mwana wamkazi wa malemuyo anaimirira nati, “Bambo anga akanakhala omangidwa, bwenzi lero ali moyo.” Ndipo n'zoona. Amuna angapo anavomereza kuti zibwerere mwakale. Achimwene ako anali m'gulu limenelo, ndipo analankhula bwino, mosakuwa. Anati iye akufuna mng'ono wake wamoyo.

Sindikudziwa chimene chinandiimiritsa. Mkazi wokwatiwa kuimirira mwamuna wake atangokhala pansi, ukudziwa wekha mmene zimaonekera. Ndinati ine chingwe ndikuchidziwa kuposa onse m'chipindamo, chifukwa kwathu tachigwiritsa ntchito zaka zitatu, ndipo munthu wake anathawabe mpaka kupitirira mlatho. Ndinawauza mmene ndinamupezera mu Novembala ndi mmene ndinamupezera mu Malichi. Ndinati, “Ulendo woyamba anali wamoyo, inde, koma sanandidziwe. Ulendo wachiwiri anandipatsa dzira.” Ena anaseka. Mayi wina kumbuyo anayamba kulira, kenaka naye anaimirira n'kunena za mwana wake. Pambuyo pake anaimirira ena awiri.

Akuluakuluwo anagamula pakati. Kumanga sikubwerera, pokhapokha dokotala atavomereza yekha, ndiponso kwa kanthawi kochepa. Koma chitseko chatsekedwa usana ndi usiku, ndipo wodwala angatuluke panja pokhapokha ali ndi m'bale wake. Dokotala amusiya mpaka nthawi yokolola, kenaka adzaonanso. Antchito owonjezera sanawatchule.

Khola la nkhuku lili kunja kwa chitsekocho. Ndiye Taalai manja ake ndi omasuka, koma akuti tsiku lonse amangoima pachitseko, chipumi atachitsamiritsa pathabwa. Samenya. Amangoima.

Pobwerera achimwene ako sanandilankhule njira yonse. Mpaka lero mawu awo kwa ine ndi “tiyi” ndi “malaya anga ali kuti”. Apa anamva kwa anansi kuti ndinanyoza mwana wawo pagulu. Anakhala masiku awiri akuyang'ana kukhoma, kenaka tsiku lina ndikuwatembenuza anandigwira dzanja. Sindikudziwa ngati kunali kundikhululukira kapena kuopa kugwa.

Tsopano Lachinayi lililonse ndimakwera lole ya mkaka m'mawa. Mkazi wa mnansi amandionera Apa, ine ndimamuphikira buledi wa sabata. Ndikafika ndimasayina, amatsekula, timapita kunkhuku. Amanyamula madeya, amatolera mazira, kenaka timakhala padzuwa. Basi ikamveka kumsewu amatukula mutu n'kutchula dzina lako. Ndimamuuza kuti si imeneyo. Masana ndimamubweza, chitseko n'kutsekedwa, ine n'kuthamangira lole. Amuna ena amene abale awo sabwera amatiyang'ana pawindo. Mmodzi amandiitana kuti amayi.

Sindikuuza kuti ubwere kapena ukhale. Mankhwala a Apa ndi ofunika, ndikudziwa, ndipo khomo lako lotulukira sindingakupezere ine. Koma usanditumizirenso mpango. Ine ndakwanitsa Lachinayi lokha, kuposa apo sindingathe. Masiku enawo alibe mwini. Ukadzapeza pepala lako, udzasankhepo tsiku limodzi.

Jenge wako,
Anipa